Sefa ya Atelala

Kuseri kwa wodi ya odwala impso kunali kachipinda kopanda zenera, ka masinki awiri ndi mashelefu atatu, ndipo mmisiri anali atagwiramo ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ntchito imene anamulembera inali yokonza makina otsuka magazi. Koma chiyambire ziletso, theka la tsiku lake linkathera pa sinki, akutsuka zinthu zimene eni ake anazipanga kuti zigwire ntchito kamodzi n'kutayidwa.

Sefa ya magazi imaoneka ngati botolo lalitali, lotalika kuchokera pachigongono kufika padzanja, ndipo m'kati mwake muli timaulusi tambirimbiri tobowoka. Magazi a munthu amene impso zake zinaleka ntchito amadutsa m'timaulusimo n'kubwerera m'thupi atasiya zoipa. Kale sefa ikagwira ntchito maola anayi ankaiponya m'ndowa yopita kokaotcha. Tsopano sefa iliyonse inali ndi mwini wake. Ankaikulunga tepi yoyera n'kulembapo dzina, ndipo ikachoka pamakina mmisiri ankaitsuka, kuithira mankhwala ophera tizilombo, n'kuwonjezera kamzere kamodzi pansi pa dzinalo. Masefa a anthu okhala ndi kachilombo ka chiwindi ankakulungidwa tepi yofiira. Anthu amenewo anali ndi makina awoawo kukona, kuseri kwa katani, ndipo masefa awo ankatsuka anamwino pa sinki ya komweko. Yoyera kuno, yofiira uko. Diso la mmisiri linazolowera zimenezo moti silinkafunsanso mutu.

Nkhondo yeniyeniyo inali kutali, kumalire, pa kachigawo ka dziko kamene anthu ambiri a mumzinda anali asanakapondeko. Mumzindamo simunagwe bomba ngakhale limodzi. Chimene chinachitika n'chakuti mayiko akuluakulu anakhala pansi n'kugwirizana kuti dzikolo lisagule kanthu, lisagulitse kanthu, ndipo mabanki ake asayankhidwe, kufikira atsogoleri ake atabweza asilikali. Atsogoleriwo sanabweze. Pawailesi ankabwereza kunena kuti mankhwala ndi zipangizo za chipatala sizinaletsedwe, ndipo papepala zinalidi choncho. Koma banki yoti itumize malipiro inasowa, kampani ya sitima yofuna kudziputira mavuto chifukwa cha makatoni a masefa inasowanso, ndipo mankhwala ophera tizilombo aja anawalemba m'gulu la zinthu zimene munthu wa nzeru zoipa angapangire zida. Kontena ya katundu wa wodiyo inali itakhala padoko la dziko lina miyezi khumi ndi umodzi.

Makina analipo khumi ndi awiri. Oyenda anatsala asanu. Enawo anawandandika m'khonde atawafunditsa nsalu, ndipo mmisiri ankapitako kukachotsa pampu pano, valavu apo, kuti amoyowo apitirize. Anamwino ankati m'khondemo ndi kumanda.

Alamu ake, amuna a achemwali ake aakulu, ankabwera Lolemba ndi Lachinayi m'mawa, pamakina achitatu. Anali dalaivala wa magalimoto akuluakulu odutsa malire. Malire atatsekedwa ntchito inatha, ndipo impso zinatsatira chaka chomwecho. Pakamwa pokha ndi pamene sipanadwale.

"Adokotala a mapaipi!" anakuwa Lolembalo akadali pakhomo, atatsamira phewa la akazi awo. "Injini yanga mwaikonza, kapena lero mundithira madzi a batire?"

"Injini yanu ndi yakale, alamu. Ngakhale ogula zitsulo zakutha angaikane."

"Yakale, koma yanyamula achemwali anu zaka makumi atatu osaphulika tayala."

"Takhalani chete inu, pali anthu," anatero achemwali akuwakhazika pampando.

Anthu anaseka, koma mmisiri anaona nkhope yotupa ngati ya munthu amene walumidwa ndi njuchi, ndipo anamva mmene mawuwo ankadukira pakati kuti mpweya ulowe. Maola anayi atatha alamu anakwera pasikelo. Anali atatsika pang'ono chabe. Nthabwala zinali zitatha, ndipo anatuluka atawagwira uku ndi uku.

Mmisiri anatenga sefa yawo n'kupita nayo kuchipinda chake. Mayesedwe ake anali osavuta. Umadzaza sefa ndi madzi, kenako n'kuwapopera m'botolo la manambala kuti uone timaulusi timene tikadali totseguka. Yatsopano imafika pa handiredi. Buku linkati ikatsika kupitirira eyite itayidwe. Iwo anali atatsitsa malirewo kufika pa sikisite, osalemba paliponse. Ya alamu inafika pa fifite-thuu. Anayesanso kachiwiri atagogoda m'mbali, ikatero ina imatseguka. Fifite-thuu. Pansi pa dzina panali timizere makumi atatu ndi tinayi.

Anapita kwa namwino wamkulu, amene onse ankangowatchula kuti Sisita. Anali mayi wamfupi, wa imvi za patsogolo, amene chiyambire ziletso ankayenda ndi makiyi a kabati m'khosi ngati mkanda.

"Ndikudziwa chimene mwabwerera," anatero Sisita, mmisiri asanakhale n'komwe. "Masefa atsopano atsala awiri. Mukuwadziwa eni ake."

Ankawadziwa. Anali a azimayi amene impso zimaima akangobereka, amene ukawatsuka magazi kangapo amachira n'kupita kukayamwitsa.

"Yawo yafika pa fifite-thuu, Sisita."

"Ya agogo a makina achiwiri yafika pa fifite-faifi. Iwo alibe mlamu m'chipatala muno. Ndikatsegula kabati chifukwa cha inu, mawa ndiwayang'ana ndi maso ati?" Anakonza mapepala patebulo ngakhale anali okonzeka kale. "Ikokeni. Mwina iwatengera milungu iwiri, itatu. Ikafa, adikira kontena ngati anzawo."

Kudikira kontena. M'wodimo mawuwo anali ndi tanthauzo limodzi lokha. Munthu ankapita kunyumba, ndipo pakatha masiku khumi kapena khumi ndi awiri abale ake ankabwera kudzabweza bulangete la chipatala.

Achemwali anamudikira m'khonde, pafupi ndi makina ofunditsidwa nsalu aja. Anali atasiya amuna awo pabenchi panja. Ndi iwo amene anamulera mayi awo atamwalira, ndipo pakakhala anthu ankamutchula kuti achimwene, koma akakhala awiri ankati iwe.

"Iwe, undiuze zoona. Makinawa akuwathandiza?"

"Akuwathandiza, achemwali."

"Nanga bwanji sakugona chogona? Akugona chokhala, akuti madzi akuwafika pakhosi. Dzulo ndawaphikira, angonunkhiza, akuti chakudya chikununkha chitsulo. Munthu amene ankamaliza mbale ziwiri."

"Sefa yatopa pang'ono."

"Ndiye usinthe. Si ntchito yako imeneyo?"

Mmisiri anayang'ana nsalu ya makina apafupi n'kuikoka kuti ifunde bwino pakona. Achemwali anamuyang'ana nthawi yaitali. Anakonza mpango kumutu n'kutuluka.

Lachiwiri ndi Lachisanu masana mmisiri sankapezeka m'wodi. Ankapita ndi galimoto ya chipatala kukaima pamzere wa dizilo wa jenereta, chifukwa magetsi ankabwera mmene afunira, ndipo makina akazima munthu ali pakati magazi amaundana m'mapaipi. Masefa a odwala a masiku amenewo ankatsuka anamwino okha. Lachiwiri limenelo anaima pamzere maola asanu, pakati pa galimoto ya bekale ndi ya anthu onyamula maliro, n'kubwerako ndi migolo iwiri m'malo mwa inayi.

Lachitatu m'mawa anapeza ndowa yopita kokaotcha ili pakhomo pa chipinda chake. Namwino wina amene ankakolopa pafupi anati, "Atelala aja atisiya. Lachisanu sanabwere, akuti basi inalibe mafuta. Dzulo mwana wawo ndi amene wabwera kudzanena."

Atelala mmisiri ankangowamva dzina. Anali atsopano, a gulu la Lachiwiri ndi Lachisanu masana. Anati pepa, n'kunyamula ndowayo kuti alowe. Pamwamba pa thonje ndi mapaipi otha ntchito panali sefa. Tepi yoyera. Timizere tisanu ndi kamodzi.

Anatseka chitseko.

Lamulo linali limodzi mwa ochepa amene sanawapinde chiyambire ziletso: sefa ya munthu ndi ya munthuyo, akafa ipse. Mmisiri anali ataphunzitsa yekha lamulolo kwa anamwino ambirimbiri. Anatenga sefayo n'kuitembenuza pansi pa babu. Inali yowala, timaulusi take toyera ngati mkaka. Anaona kuti aikulunga tepi pawiri, mzere wina kumtunda, wina kumunsi, ndipo anatsonya. Anamwino awa, tepi ikusowa iwo akukulunga ngati mphatso.

Anati angoyesa, kuyesa si kuba. Madzi anafika pa nainte-folo.

Anakhala pampando wake wachitsulo manja ali pamaondo. Sanali munthu wolimbana ndi mtima wake mokweza. Anangoika zinthu pamzere monga ankachitira pofufuza vuto la makina. Mwini wake wafa. Tepi ndi yoyera, kutanthauza kuti magazi ake analibe kachilombo. Ikapsa sithandiza munthu. Agogo a makina achiwiri ali pa fifite-faifi, alamu ali pa fifite-thuu, ndiye ngakhale pachilungamo alamu ndi amene ali patsogolo. Atafika pamenepo anadziwa kuti akudzinamiza pang'ono, koma anadziwanso kuti wasankha kale.

Anaitsuka katatu. Anaithira mankhwala, amene kuyambira mwezi wachisanu ndi chimodzi wa ziletso ankawasungunula ndi madzi theka kwa theka kuti afike patali. Anamatula tepi zonse ziwiri, n'kupukuta ulimbo wake ndi sipiriti. Anakulunga tepi yatsopano, kamodzi, n'kulemba dzina la alamu, kenako anajambula timizere makumi atatu ndi tinayi, tina topendekeka, tina ndi cholembera china, kuti tisaoneke ngati ta tsiku limodzi. Sefa yakale ya alamu anaiponya m'ndowa. Ananyamula ndowayo yekha kupita kung'anjo ya kuseri kwa chipatala, ndipo anaima pomwepo mpaka zonse zitasungunuka, kuti pasatsale chofunsa.

Lachinayi alamu anafika ali chete. Achemwali ndi amene anapereka moni. Namwino anatenga sefa pashelefu, anawerenga dzina mokweza monga mwa nthawi zonse, alamu n'kugwedeza mutu. Singano zinalowa, pampu inayamba kuzungulira, ndipo magazi anakwera m'paipi n'kudzaza sefayo kuchokera pansi, mofanana mbali zonse, popanda mabanga akuda aja a timaulusi totsekeka.

Patatha maola awiri mmisiri akudutsa anamva, "Psss. Amisiri a mipope."

Maso a alamu anali atatseguka bwino.

"Mwandithira chiyani lero? Ndikumva ngati galimoto imene yatsitsa katundu. Tandiuzani, munakaba kwa nduna?"

"Ndinangoigogoda bwino."

"Ndiye muzigogoda choncho masiku onse, ulesi basi. Mayi, mwamva? Mlongo wanu ankandisungira dala madzi m'thupi, akufuna jekete langa lachikopa lija."

"Jekete limene linadyedwa ndi njenjete lija?" anatero achemwali, ndipo anaseka ataphimba pakamwa. Mmisiri anali asanamve kuseka kumeneko mwezi wonse. Anabwerera kuchipinda chake n'kuyamba kutsuka masefa a dzulo, ndipo anapezeka akuimba chamumtima.

Sisita analowa osagogoda.

"Amisiri, ndowa ya dzulo ija inapita kale?"

"Ndinakaotcha ndekha, Sisita."

"Zonse?"

"Zonse."

Sisita anakoka mpando wachitsulo uja n'kukhala, chinthu chimene sankachita. Anavula magalasi n'kutikita maso.

"Ndachedwa. Ndimafuna sefa ya Atelala. Malo awo tapatsa mayi wina wa kusitolo ya nsalu, ayamba mawa, koma alibe sefa. Dzulo ndinagona ndikulimbana nazo. Ndinati wachiwindi kwa wachiwindi, tikuwononga chiyani? Ndinati kamodzi kokha ndiphwanye lamulo langa lomwe. Mulungu wandikaniza."

Madzi ankathirabe mu sinki. Mmisiri anatseka mpope.

"Wachiwindi?"

"Ee. Atelala anali a kukona."

"Tepi inali yoyera."

"Yofiira inatha mwezi watha. Tikukulunga yoyera pawiri, kumtunda ndi kumunsi. Ndinalengeza pamsonkhano wa m'mawa." Anavala magalasi. "Kapena inu munalibe. Nthawi imeneyo mumakhala mukudzutsa makina. Basi, yapsa yapsa. Mayiyo ndimupatsa imodzi mwa masefa atsopano awiri aja, ndiye tipemphere kuti sabata ino pasabereke munthu movutikira."

Anatuluka.

Mmisiri anaima atagwira m'mphepete mwa sinki. Zimene ankadziwa zinabwera chimodzichimodzi, mosathamanga. Kachilombo ka chiwindi n'kouma mutu, kamakhala moyo m'kadontho ka magazi kouma sabata yathunthu. Mankhwala a theka kwa theka aja mwina amakapha, mwina ayi, ndipo amene anawasungunula anali iye. Katemera anatha alamu asanayambe kudwala. Zoyezera magazi zinatha mwezi wachisanu ndi chitatu wa ziletso, choncho panalibe njira yodziwira. Ndipo makina achitatu sankadziphika okha ndi madzi otentha pakati pa wodwala ndi mnzake monga kale, chifukwa waya wake wotenthetsa unapsa, ndipo kumanda kunalibenso wina.

Anayang'ana wotchi. Alamu anatsala ndi mphindi makumi anayi.

Anatuluka. Pabenchi ya pakhomo la wodi panakhala mphunzitsi wamkazi amene ankalowa pamakina achitatu alamu akachoka. Ankabwera ndi makope a ana asukulu n'kumachonga ndi dzanja limodzi magazi akutsukidwa. Anakweza mutu n'kumwetulira.

"Mwadzuka bwanji, amisiri? Lero magetsi atikonda."

"Atikonda, aphunzitsi."

Makinawo ankanyamula anthu atatu patsiku. Pa sabata anali alamu ndi anthu ena asanu ndi atatu. Onse ankawadziwa mayina, ankadziwa ndi timizere ta masefa awo.

Analowa n'kupita kuseri kwa makina achitatu, kumene kunali kachitseko ka mawaya. Panali njira ya mmisiri. Alamu akangomaliza, akanatha kusolola kafyuzi kamodzi kakang'ono ngati njere ya nyemba, makinawo n'kuzima, iye n'kunena kuti afa. Mphunzitsi sakanakhalapo lero. Palibe akanadziwa. Anagwira kachitsekoko.

"Mukufuna chiyani kumbuyo kwanga, alamu? Chikwama ndinasiya kunyumba."

"Ndikumvetsera pampu."

"Mverani bwino. Imeneyo ndi mkazi wanga wachiwiri."

Koma makinawo akafa lero, anthu asanu ndi anayi akhala pati? Ndipo akawadzutsa mawa, Lolemba alamu adzakhalaponso ndi sefa yomweyo, ndi magazi omwewo, mphunzitsi n'kutsatira. Lachinayi chimodzimodzi. Akanachita kuwapha makinawo sabata iliyonse. Njira ina inali yongokhala chete. Mwina kachilombo sikanalowe. Mwina kanalowa koma sikadzadutsa. Akanakhala ndi mwina ameneyo pa sinki, akutsuka sefa ya alamu m'madzi omwewo ndi ya agogo, ndi ya mphunzitsi, akumwetulirana nawo m'khonde.

Anasiya kachitsekoko. Anapeza Sisita mu ofesi akutsegula kabati.

"Musatsegule, Sisita. Sefa ya Atelala sinapse. Ili pamakina achitatu."

Sisita sanatembenuke msanga. Anatseka kabati, anabweza makiyi m'khosi, kenako anatuluka. Mmisiri anawaona kudzera pagalasi la ofesi akupita kwa alamu, akuwafunsa mmene akumvera, akuseka nawo pang'ono, kwinaku chala chawo chikuyenda kumunsi kwa sefa pamene panali tepi yachiwiri. Anabwerera n'kutseka chitseko.

"Ulimbo ukadalipo," anatero. "Zaka zingati muli muno?"

"Khumi ndi zisanu ndi zinayi."

"Ndinu amene munandiphunzitsa ine lamulo limeneli ndili kamtsikana."

"Ndinaona yoyera."

"Munaona yoyera." Anakhala pansi. Mawu awo sanakwere. "Nanenso ndinalakwa. Ndikanabwera kudzakuuzani kuchipinda kwanu, osangolengeza kwa amene analipo. Zimenezo ndidzayankha ndekha. Koma tsopano timve za lero. Amalize maola awo, chimene chalowa chalowa. Akachoka, makina achitatu muwatsuke ndi mankhwala osasungunula, kawiri. Ndikudziwa kuti ndi a sabata yonse. Aphunzitsi adikire mpaka masana, muwauze kuti pampu yavuta."

"Nanga alamu?"

"Pamakina oyera sangabwererenso. Mukudziwa."

"Mwina sikanalowe, Sisita."

"Mwina. Muli ndi choyezera?"

Analibe.

"Ndiye ndi a kukona kuyambira lero. Kukona kuli makina amodzi, ndipo ndi odzaza. Odikira alipo asanu ndi mmodzi. Iwo akhala achisanu ndi chiwiri."

"Malo a Atelala..."

"Ndapereka kale, mayiyo wadikira milungu itatu, akubwera pa wilibala. Ndimuchotse?"

Mmisiri anapukusa mutu.

"Sefa yawo yakale ija ili kuti? Imeneyo bola inali ndi mpando."

"Ndinaotcha."

Sisita anatseka maso kanthawi.

"Ndipo iyi ikachoka pamakina muibweretse kwa ine. Mawa ipita kwa mayi wa kusitolo. Iye ali ndi mpando koma alibe sefa. Alamu anu akhala ndi sefa ya chiyani opanda mpando?"

"Sisita, ndichotseni ntchito ine. Ndilembeni, mundipereke kwa akuluakulu, chilichonse. Koma iwo sanadziwe kanthu."

"Ndikuchotseni, makina asanuwa adzutsa ndani? Mawa sikisi koloko muli pano." Anatenga buku la odikira, anatsegula, n'kulemba. "Achemwali anu mukawauze nokha. Ine ndauza mabanja ambiri chaka chino. Ili ndi lanu."

Belu la makina achitatu linalira. Namwino anabweza magazi, anachotsa singano, n'kumata mabala. Alamu anaimirira okha, osagwira mpando, n'kukwera pasikelo.

"Makilo atatu ndi theka!" anatero namwino.

"Mwamva? Atatu ndi theka! Mayi, musandigwire, ndiyenda ndekha. Lero ndikufuna nyama. Ngati kulibe nyama, mundijambulire papepala ndiziyang'ana."

Anayenda m'wodi monse akupereka moni kwa odwala anzawo bedi ndi bedi ngati phungu, mpaka anafika pabenchi n'kuuza mphunzitsi kuti amutenthetsera mpando. Mphunzitsi anatseka makope n'kuyamba kudzuka.

"Aphunzitsi, pepani, mudikire mpaka masana," anatero mmisiri. "Makina akufunika kutsukidwa kaye."

"Palibe vuto, amisiri. Ndili ndi makope ambiri."

Alamu anamuyang'ana. Anali atakhala m'wodimo chaka chathunthu ndipo ankadziwa kuti makina satsukidwa maola atatu popanda chifukwa. Anayang'ananso m'kati, mmene Sisita anali atavala magolovesi awiriawiri akumasula sefa ija ndi manja awo, n'kupita nayo kuseri kwa katani. Kumwetulira kunatsala pankhope pawo kanthawi, ngati nyali imene aiwala kuzimitsa kutacha.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "injini ija sinali yanga eti?"

"Sinali yanu."

"Ya ndani?"

"Ya munthu wa kukona. Sindinadziwe."

Alamu anapukusa mutu pang'onopang'ono. Anayang'ana manja awo, amene kutupa kunali kutachepa moti mitsempha inkaoneka. Anatsegula pakamwa ngati akufuna kuponya nthabwala, koma sinabwere. Anangomugwira mmisiri paphewa, anafinya kamodzi, n'kupitiriza kuyenda okha kulowera kukhomo lakunja, ali chilili, osafulumira.

Achemwali anali atatsalira kupinda bulangete ndi kulongedza botolo la madzi m'chikwama. Anatuluka nkhope ikuwala, ndipo atafika pa mlongo wawo anamugwira manja onse awiri, pamaso pa anthu.

"Achimwene, sindikudziwa chimene mwachita, ndipo sindifunsa. Mulungu akuonjezereni. Taonani akuyenda okha!" Anasuzumira m'khonde mmene amuna awo ankathera. "Ndithamange ndisawataye. Lolemba nthawi yomweyi eti?"

Mmisiri sanawasiye manja.

"Ayi, achemwali. Lolemba musabwere. Takhalani pansi kaye."